Wi-Fi ikuyenda ngati nkhono pa desktop, koma pa foni ikuthamanga bwinobwino

Kanyimbi82:
Anzanga, ndithandizeni ndisanaiponye pawindo kompyutayi. Desktop yanga ili kuchipinda chomwe ndimagwiriramo ntchito, rauta ili pabalaza, pakati pake pali makoma awiri basi. Ndikaima ndi foni pafupi ndi kompyuta yomweyo, Speedtest ikundipatsa 42 Mbps. Kompyutayo ikundipatsa 3, pena 2, pena imangozungulirazungulira osamaliza n'komwe. Imagwira Wi-Fi kudzera pa ka dongle ka USB komwe ndinabaya kumbuyo kwake. Rauta ndazimitsa ndi kuyatsa kasanu, Chrome ndachotsa n'kuikanso, koma palibe chasintha. A kampani ya intaneti ndawaimbira, akuti kwawo zonse zili bwino. Nanga vuto lili pati?

Mphenzi:
Kokani kebulo. Nkhani yatha.

Kanyimbi82:
Nyumbayi ndi ya lendi achimwene, khoma sindingaboole. Ndipo kebulo yodutsa pakhonde, ana anga angamaikoke tsiku lililonse.

Kadziwazonse:
Sinthani DNS, ikani 8.8.8.8 ya Google kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare. Ine nditangosintha intaneti yanga inayamba kuuluka.

Wazingwe:
A Kadziwazonse, pepani, koma pamenepa ndikukanani. Ntchito ya DNS ndi kumasulira dzina la webusayiti kukhala nambala ya adiresi, basi. Ikamaliza zimenezo imakhala pambali, katundu yense amadutsa osaikhudza. Tsamba likhoza kuyamba kutseguka msanga pang'ono, koma 3 Mbps singasanduke 40 chifukwa cha DNS.

A Kanyimbi, mwatipatsa kale theka la yankho mosadziwa. Ngati foni ikupeza 42 pamalo omwewo, a kampani aja sananame, intaneti ikufika m'nyumba mwanu. Matenda ali pakati pa rauta ndi kompyutayo. Ndiye tisalote, tifunse kompyuta yeniyeniyo. Ngati muli pa Windows, tsegulani Command Prompt, lembani netsh wlan show interfaces, kenako mutiuze zomwe zalembedwa pa Radio type, Channel, Receive rate ndi Signal. Mukatero lembaninso ping 192.168.1.1 -t n'kuisiya iyende mphindi imodzi. Rauta zina adiresi yake ndi 192.168.0.1, mukalemba ipconfig muiona pa Default Gateway. Kuchokera pa kompyuta kufika pa rauta ya m'nyumba mwanu momwemo, yankho liyenera kumabwera m'mamilisekondi ochepa kwambiri, 1, 2, mwina 5. Mukamaona mahandiredi kapena Request timed out, ndiye kuti mpweya wa pakatipo wadwala.

Nankabai:
Musanawatumize ku zinthu zakuda zolembalembazo, mwawafunsa ngati sakusokoneza Mbps ndi MB/s? Anthu ambiri amalira chonchi kenako n'kupezeka kuti palibe chawonongeka. Bayiti imodzi ili ndi mabiti 8. Munthu wolipira 40 Mbps akamatsitsa fayilo amaona 5 MB/s, ndiye amayamba kufuula kuti amubera.

Kanyimbi82:
Ayi a Nankabai, zonse ziwiri ndayeza pa Speedtest yomweyo, ndipo ndayesanso pa fast.com. A Wazingwe, zatuluka izi: Radio type 802.11n, Channel 6, Receive rate 13, Signal 36%. Ping ikuyamba ndi 4, kenako 380, kenako 900, kenako timed out kawiri, n'kubwereranso ku 6.

Wazingwe:
Eya, wodwala wayankhula yekha. Kompyuta yanu ndi rauta zagwirizana kuti ziziyankhulana pa 13 Mbps basi, ndipo nambala imeneyo ndi ya papepala. Zomwe zimakufikani zenizeni nthawi zambiri zimakhala cha m'ma theka lake, poti gawo lina limathera kudikirana ndi kubwereza zomwe zatayika panjira. Ndiye 3 yanuyo siikundidabwitsa.

Channel 6 ikutanthauza kuti muli pa 2.4 GHz. Foni yanuyo ndikukhulupirira kuti ili pa 5 GHz, taonani mu Settings. Rauta zambiri zimaulutsa mabandi onse awiri ndi dzina limodzi, ndiye munthu umaganiza kuti foni ndi kompyuta zili pamsewu umodzi pomwe ina ili pa tala, ina m'matope.

Ndifunsenso: bokosi la kompyutalo lili pati kwenikweni, ndipo pafupi ndi ka dongle kanuko mwabayapo chiyani china?

Kanyimbi82:
Foni ilidi pa 5 GHz, mwalasa. Bokosi lili pansi pa tebulo, kumbuyo kwake kwagunda khoma. Pafupi ndi ka dongle pali hadi disiki yakunja yomwe ndimasungiramo mafayilo a ntchito, ndi kena kakang'ono ka mausi yopanda chingwe.

Mphenzi:
Ndinanena ine. Kebulo.

Mai_Tiyanjane:
A Mphenzi, mwamva kuti munthu sangaboole khoma, mukufuna achite kukulemberani kalata?

A Kanyimbi, ine zanga zinali zina koma mwina zikuthandizani. Kwathu intaneti inkafa pa kompyuta nthawi zina zokha, mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako n'kudzuka yokha ngati palibe chachitika. Ndinakalipira ana, ndinakalipira bambo awo, ndinakalipira a kampani. Tsiku lina ndili pa Zoom, chithunzi chinangouma gwa, ndipo ndinamva kukhitchini maikirowevu ikulira. Itangosiya, Zoom inabwerera. Ndinachita kuyesa dala katatu ndisanakhulupirire. Rauta yathu inali pamwamba pa kabati, khoma limodzi ndi maikirowevuyo.

Kadziwazonse:
Zimenezo ndi nthano amayi. Maikirowevu ndi intaneti zikugwirizana pati?

Wazingwe:
Si nthano. Maikirowevu imagwira ntchito pa 2.45 GHz, m'kati mwenimweni mwa bandi ya Wi-Fi ya 2.4, ndipo mphamvu yake ndi mawati mahandiredi angapo pomwe rauta siifika ngakhale wati imodzi pa bandi imeneyo. Kachidontho kochepa kotuluka m'mbali mwa chitseko n'kokwanira kumiza mawu a rauta. Bluetooth nayonso ili pa 2.4 pomwepo, mausi ndi kiyibodi zopanda chingwe chimodzimodzi. Ndi msika wodzaza.

Koma kwa a Kanyimbi, ine diso langa lili pa hadi disiki ija. Doko lomwe mwaibayapo, m'kati mwake ndi mwa buluu?

Kanyimbi82:
Ndi mwa buluu, inde. Ka dongle kali doko loyandikana nalo, zikuchita kukhudzana.

Wazingwe:
Ndiye tamupeza wakuba woyamba. Doko la buluu ndi USB 3.0. Deta ikamayenda m'menemo pa liwiro lake la 5 Gbps, imatulutsa phokoso la wailesi lomwe limagwera mu 2.4 GHz. A Intel analemba za vutoli mu 2012, si zongopeka za pagulu pano. Chingwe cha disiki chikakhala chosatchingidwa bwino, phokosolo limakula. Tsono inu mwaika khutu la kompyuta yanu pakamwa penipeni pa wofuulayo. Mausi yanu siimadumphadumpha nthawi zina mukamakopera mafayilo?

Wakuba wachiwiri ndi bokosi lenilenilo. Ndi lachitsulo, ndipo chitsulo sichilola mafunde a wailesi kudutsa. Ka dongle kali kumbuyo, pansi, pakati pa chitsulo ndi khoma, m'chisa cha zingwe zamagetsi. Mlongoti wake ndi kochepa ngati chikhadabo. Foni munkaigwira m'manja, m'mwamba, poyera. Si mpikisano wachilungamo umenewo.

Yesani izi motsatana, chimodzi chimodzi, muziyeza mukatha chilichonse. Zulani disiki ija, yezani. Kenako samutsani ka dongle kapite doko lakutsogolo, yezani. Ngati muli ndi chingwe chotalikitsira USB, cha mita imodzi kapena iwiri, kabayeni pamenepo n'kukaika pamwamba pa tebulo, kutali ndi bokosi. Musasinthe zinthu zitatu nthawi imodzi, simudzadziwa chomwe chachiza.

Agogo_a_Modemu:
Ana inu mukundiseketsa. Munthu akulira ndi 3 Mbps! Ife tinayamba ndi modemu ya 56k yolumikiza pa lamya ya m'nyumba. Inkalira ngati mphaka wopondedwa mchira isanagwire, ndipo wina akangonyamula lamya, zonse zaduka. Chithunzi chimodzi chinkatsika mzere ndi mzere, umayamba kuona tsitsi, kudikira, mphumi, kudikira. 3 Mbps yanuyo ndi modemu zoposa 50 zitamangidwa pamodzi.

Nankabai:
Agogo, nthawi imeneyo masamba ake analinso opepuka, mawu okhaokha. Lero tsamba limodzi la nkhani limabwera ndi mavidiyo odziyatsa okha ndi zotsatsa malonda khumi. Modemu yanuyo ingagone panjira isanatsegule n'komwe mutu wa nkhani.

Agogo_a_Modemu:
Zoona mdzukulu. Koma tinkadekha, ndicho munataya inu.

Chibaluwa:
Poti tasokera kale, ndifunse nawo zanga. Kodi kuzimitsa rauta usiku uliwonse n'kwabwino? Mlamu wanga akuti imafunika kupuma.

Mphenzi:
Si ng'ombe. Isiyeni iyake.

Nankabai:
Rauta anaipanga kuti izikhala yoyaka. Kuizimitsa kamodzi pakapita nthawi ikayamba kuchita zachilendo kumathandiza, poti memore yake ndi yochepa ndipo mapulogalamu ake amatha kusokonekera. Koma chomwe chimaipha msanga ndi kutentha. Ndinaonapo ina itafunditsidwa nsalu yoluka kuti isaoneke yonyansa pabalaza, tizibowo tonse totulukira mpweya titatsekeka. Mwini wake ankadabwa kuti bwanji imadzizimitsa masana.

Mai_Tiyanjane:
Mwandinena ine a Nankabai, ngakhale simukundidziwa. Ndaichotsa nsaluyo pompano.

Kanyimbi82:
Ndabwera ndi malipoti. Nditazula disiki: 9 Mbps. Ndinachita kuyeza katatu posakhulupirira. Nditaibwezera n'kuyamba kukopera fayilo yaikulu: 2. Ndiye a Wazingwe, ulemu wanu. Mausi ija imadumphadi, ine ndinkangoti mabatire. Ka dongle nditakasamutsira kutsogolo, disiki ili kumbuyo: 16 Mbps, Signal 61%. Chingwe chotalikitsira ndilibe pano, ndibwereka mawa.

Kadziwazonse:
Komabe DNS musinthe.

Wazingwe:
Asinthe, sizipweteka. Kungoti asayembekezere chozizwitsa.

Fisi_Wausiku:
Ine ndikuona ngati nonse mukuthamangira zitsulo n'kuiwala za m'kati. Kompyuta ya mchemwali wanga inkachita chimodzimodzi, ndipo vuto silinali Wi-Fi konse. Nditatsegula Task Manager, pa Network, ndinapeza OneDrive ikukweza zithunzi za zaka zitatu, Windows Update ikutsitsa zake, ndi pulogalamu ya torrent yomwe mwana wake anaika ikugawira dziko lonse mafayilo usiku ndi usana. Njira yokwezera ikadzaza, yotsitsira nayo imatsamwa, poti kompyuta imalephera kuyankha msanga kuti katundu wafika. Ndiye a Kanyimbi, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, muone ndani akudya. Onaninso Delivery Optimization mu Windows Update, ija imalola kompyuta yanu kugawira makompyuta ena maapudeti.

Wazingwe:
Mfundo yabwino a Fisi, ndipo ayang'anedi. Kungoti pa nkhani iyi Receive rate ya 13 ndi ping yodumpha mpaka 900 zinaloza kale ku mpweya, ndipo kuzula disiki kokha kwachulukitsa liwiro katatu. Pulogalamu yobisala siingamve kuti disiki yazulidwa.

Fisi_Wausiku:
Ingamve, ngati ndi pulogalamu yomwe ikukweza mafayilo ochokera mu disiki momwemo. Mwaganizira zimenezo?

Wazingwe:
Aaa, pamenepo mwandigwira. N'zotheka ndithu. A Kanyimbi, bwezerani zonse momwe zinalili poyamba kwa mphindi imodzi, mutsegule Task Manager, mutiweruze.

Kanyimbi82:
Ndayesa. Pa Network palibe chikudya, zonse zili pa 0 kupatula Chrome. Ndiye mlandu watsala kwa doko la buluu. Koma a Fisi zikomo, ndapezako mapulogalamu anayi odziyatsa okha kompyuta ikamayaka, omwe sindikudziwa n'komwe kuti ndinawaika liti.

Namondwe:
Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Palibe wanena za matchanelo mokwanira. Pa 2.4 GHz, ngakhale rauta imakuonetsani matchanelo 11 kapena 13, omwe sapondana ndi atatu okha: 1, 6 ndi 11. Ngati muli ndi aneba ambiri ndipo onse ali pa 6, mukugawana mpata wolankhulira, wina akamalankhula ena onse amadikira. Ikani pulogalamu yoyezera Wi-Fi pa foni ya Android, muone pomwe pali anthu ochepa, mukasinthe mu rauta. Koma chonde musasankhe 3 kapena 9 poganiza kuti mwachenjera. Mukatero mukuponda aneba a mbali zonse ziwiri, ndipo nawo akukupondani. Kuli bwino kukhala tchanelo chimodzi ndi mnzako, poti marauta amamvana n'kumapatsana mpata, kusiyana ndi kukhala pakati pomwe aliyense amangomva phokoso.

China, m'lifupi mwa tchanelo pa 2.4 musiye pa 20 MHz. 40 imaoneka yokoma papepala, koma pamalo odzaza imangoonjezera mikangano.

Ndipo muone chitetezo chomwe rauta ikugwiritsa ntchito. Ikakhala pa WEP kapena WPA ya TKIP, liwiro limatsekeredwa pa 54 Mbps ngakhale zipangizo zikhale zatsopano bwanji. Ikani WPA2 ya AES, kapena WPA3 ngati zonse m'nyumbamo zikuidziwa.

Chibaluwa:
Nanga aneba akaba pasiwedi? Ine ndinapeza zipangizo 14 pa rauta yanga pomwe m'nyumba tilimo anthu atatu.

Mai_Tiyanjane:
Musanawanamizire aneba, werengani bwino. Mafoni, TV, laputopu, tabuleti ya mwana, pulinta, wotchi. Ndiponso mafoni a masiku ano amatha kusintha adiresi yawo ya MAC, nambala yomwe rauta imazindikirira chipangizo, ndiye foni imodzi ikhoza kuoneka kawiri pamndandanda. Ine ndinatsala pang'ono kukayambana ndi munthu wosalakwa. Mukakayika, ingosinthani pasiwedi, amene alire ndi yemweyo.

Kadziwazonse:
A Kanyimbi gulani repeater muike pakhonde, mavuto onse atha.

Namondwe:
Apanso ndikukanani bambo. Repeater wamba ili ndi wailesi imodzi, imamvera rauta kenako n'kubwereza zomwezo kwa kompyuta pa tchanelo chomwecho, ndiye liwiro limatsika pafupifupi ndi theka. Timizere ta siginolo timadzaza, mtima n'kusangalala, koma katundu akubwera wochepa. Imathandiza pomwe siginolo siifika n'komwe. Kwa a Kanyimbi ikufika bwinobwino, foni yachitira umboni.

Mphenzi:
Mukuzungulira nonse. Kebulo ya Cat5e imanyamula 1 Gbps mpaka mamita 100, siiopa maikirowevu, siiopa aneba, siiopa doko la buluu. Desktop siiyenda, bwanji mukuipatsa Wi-Fi ngati foni? Ndipo kuboola khoma sikofunika, pali makebulo afulati odutsa pansi pa chitseko, mumangowamata m'mbali mwa khoma.

Nankabai:
Lero a Mphenzi alemba mizere yoposa umodzi, kugwa mvula.

Wazingwe:
Koma akunena zoona, ndipo ine ndikanakhala a Kanyimbi ndikanabwereka kebulo yaitali tsiku limodzi lokha, kuiyala pansi ana ali kusukulu, kungofuna kuona nambala yeniyeni yomwe kompyutayo ingafike. Chenjezo limodzi kwa okonda kebulo: gigabiti imafuna timawaya tonse 8 ta m'katimo. Kamodzi kakaduka, nthawi zambiri kompyuta imatsikira ku 100 Mbps mwakachetechete osakuuzani. Ndinataya tsiku lathunthu ndikutukwana rauta pomwe vuto linali kamutu ka kebulo kophwanyika.

Palinso ma powerline, aja amadutsitsa netiweki m'mawaya a magetsi a m'nyumba. Amenewo ndi mwayi. Nyumba ina amathamanga, ina amakwawa, malinga ndi momwe mawaya anayalidwira. Ndipo amafuna kubayidwa pakhoma penipeni, osati pa ekisitenshoni.

Agogo_a_Modemu:
Ine funso langa ndi lakuti, rautayo ili pamalo otani pabalazapo? Mwamufunsa munthuyu za kompyuta yokhayokha.

Kanyimbi82:
Agogo musandichititse manyazi. Ili kuseri kwa TV, pansi, pafupi ndi thanki ya nsomba ya ana.

Namondwe:
Mayo ine. Madzi amamwa mafunde a Wi-Fi, TV ili ndi chitsulo kumsana, ndipo pansi ndi malo oipitsitsa. Ikwezeni pa shelefu, poyera, timilongoti tiimirire. Foni ija ikupeza 42 m'mavuto onsewa, ndiye kuti rauta yanu ndi yolimba mtima.

Kanyimbi82:
Malipoti a lero. Chingwe chotalikitsira ndabwereka, ka dongle tsopano kali pamwamba pa tebulo, ndakamata ndi tepi kumbali kwa sikirini. Rauta ndaikweza pa shelefu. Tchanelo ndasamukira ku 11 poti pa 6 panali manetiweki asanu ndi awiri. Receive rate 72, Signal 88%, ping ili pa 2 ndi 3 osadumpha. Speedtest m'mawa uno 31 Mbps. Dzulo usiku cha m'ma 8 inali 19. Disiki ili pomwe inali, ndipo mausi yasiya kudumpha nditasamutsira kachidutswa kake kutsogolo.

Komabe foni ikundiposa. Pano ikupeza 47.

Wazingwe:
Ndipo izikuposanibe, chifukwa mwafika padenga la ka dongle kanuko. 72 ndiye malire a 802.11n ya mlongoti umodzi pa 20 MHz, ndipo 31 kuchokera pa 72 ndi zabwino kale. Kutsika kwa usiku ndi aneba atabwera kuntchito, aliyense wayatsa vidiyo pa 2.4 yomweyo. Kuti mufike pomwe pali foni mufunika adaputala yodziwa 5 GHz, ya 802.11ac kapena Wi-Fi 6. Pa desktop ine ndimakonda khadi la PCIe lolowa m'kati, makamaka lokhala ndi milongoti ya chingwe yomwe mungaike pa tebulo. Lokhala ndi milongoti yomangirira kumbuyo kwa bokosi likubwezerani kumpanipani komwe mwachokera kuja. Dziwaninso kuti 5 GHz imafooka msanga pa makoma kuposa 2.4, koma kwanu foni yatsimikiza kale kuti makoma awiriwo ikuwadutsa.

Kanthu kena kakang'ono: mu Device Manager, pa adaputala yanu, pali Power Management. Chotsani chizindikiro pomwe Windows ikupempha kuti izizimitsa chipangizocho posunga magetsi. Ma dongle ena akagonekedwa choncho amadzuka ali ozunguzika. Ndipo diraiva, pulogalamu yomwe imayendetsa adaputalayo, mukatenge kwa omwe anapanga chipangizocho, osati mapulogalamu aja amalonjeza kukonza madiraiva onse ndi batani limodzi.

Fisi_Wausiku:
Amenewo ndiye musayese n'komwe. Mwa anayi aja munawapeza akudziyatsa okha, ndikubetcha kuti imodzi ndi yotere.

Kanyimbi82:
Awiri, a Fisi. Ndawachotsa. Za khadi la PCIe ndiyamba ndadikira, 31 ikundikwanira pa Zoom ndi kutumiza mafayilo. Chomwe chikundiwawa n'chakuti miyezi inayi yonseyi ndakhala ndikukalipira atsikana a pa foni a kampani ija, pomwe wolakwa anali pansi pa tebulo langa.

Chibaluwa:
Ine ndasintha pasiwedi. Zipangizo zatsala 9, ndipo mwana wa nyumba yoyandikana nafe wangondipatsa moni wozizira m'mawa uno.

Kadziwazonse:
A Kanyimbi, nanga DNS ija munasintha?

Kanyimbi82:
Ndinasintha bambo, kuti mugone tulo. 31 isanasinthidwe, 31 itasinthidwa.

Mphenzi:
Pa kebulo ikanakhala 47.